Wachoka, Katundu Watsala: Mikangano ya M'nyumba za Lendi ku Mzimba

Pa Boma la Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ngakhale ku Luwerezi kuli zipinda zokhoma zomwe sizibweretsera mwini wake ngakhale tambala. Amene ankachita lendi anachoka kalekale, koma mkatimo munatsala bedi, matiresi, mapoto, chikwama cha zovala, mwinanso firiji yobwera nayo kuchokera ku Joni. Mwini nyumba akuwerenga miyezi yosalipidwa, abale ake akumuuza kuti angothyola loko n'kugulitsa zonse. Mwini katundu, kulikonse kumene ali, mtima wake uli m'malo poganiza kuti zinthu zake zili pabwino. Tsiku limene awiriwa adzaonanenso ndilo tsiku la mlandu.

Mikangano yotereyi imakula chifukwa anthu amasakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ngongole ya lendi ndi umwini wa katundu. Mwini nyumba ayenera kulandira ndalama zake zonse, ndipo amene amathawa lendi amalakwa. Koma firiji siisanduka ya mwini nyumba chifukwa chakuti lendi sinalipidwe.

Chifukwa chake nkhaniyi njofala kuno

Mzimba ndi boma la anthu oyenda. Agogo athu ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka pamene ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuimitsa kulemba anthu ntchito mwa njira imeneyo. Ulendo wa ku Joni sunathere pomwepo. Lero mnyamata amadziyendera yekha, kudutsa ku Tete, ku Zimbabwe mpaka pa Beitbridge. Ambiri asananyamuke amayamba akhala pa Boma kapena pa Jenda, kuchita kageni uku akusaka ndalama ya ulendo. Ikakwana amakhoma chipinda n'kuuza mwini nyumba kuti lendi azitumiza pa Mukuru. Miyezi iwiri yoyamba ndalama imabweradi. Kenako ntchito ikavuta foni imasiya kugwira.

Enanso ndi ogwira ntchito m'boma. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa maboma onse m'dziko muno, moti mphunzitsi kapena namwino akamusamutsa kuchoka pa Boma kupita ku Khosolo kapena ku Euthini, ulendowo ndi wofunika lole. Ndalama ya lole siipezeka tsiku lomwelo, ndipo m'nyengo ya dzinja misewu ina yafumbi siidutsika bwino. Munthu amanyamula chikwama n'kusiya zina zonse kuti adzazitenga kukacha. Palinso amalonda a pa Jenda amene amatsata nyengo ya tomato, anyezi ndi mbatatesi, komanso ana asukulu za sekondale ochita lendi tizipinda pafupi ndi sukulu, amene teremu ikatha ena sabwereranso chifukwa cha fizi.

Mbali ina imene anthu saiganizira njakuti nyumba zambiri za lendi kuno zinamangidwa ndi ndalama za ku Joni komweko. Mwini wake weniweni ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town, ndipo amene amatolera lendi ndi mkazi wake, mayi ake kapena mng'ono wake. Choncho nthawi zambiri onse awiri amene anagwirizana palibe. Amene watsala ndi makiyi ndi munthu woti sanamve nawo zimene anapangana.

Kuchoka si kutaya

Pamalamulo, chinthu chimakhalabe cha mwini wake mpaka iye atachigulitsa, kuchipereka kapena kuchitaya mochita kufuna. Kutaya kumeneku kumafunika kuoneke. Beseni lobooka ndi nsapato yakumodzi zosiyidwa pakhonde, aliyense angaone kuti n'zotayidwa. Koma makina osokera, njinga, masatifiketi a sukulu ndi matumba a chimanga omanga bwino sizinthu zoti munthu angazitaye. Kukhala chete kwa miyezi isanu sikutanthauza kuti wazikana. Mwina ali m'chipatala, mwina foni anaberedwa, mwina ali m'manja mwa apolisi a dziko la eni.

Malamulo aakulu a dziko lino, amene anakhazikitsidwa mu 1994, amanena m'gawo 28 kuti munthu asalandidwe katundu wake mwachisawawa, ndipo gawo 21 limateteza munthu kuti asamasechedwe m'nyumba kapena kulandidwa zinthu zake popanda chifukwa chovomerezeka.

Ndiye mwini nyumba amene wapezeka ndi katundu wa wina ali pati? Wasanduka wosunga zinthu zimene sanapemphe kusunga. Lamulo silimuuza kuti alembe mlonda kapena amange nyumba yosungiramo. Limangomuletsa kuziwononga dala, kuzitaya panja pamvula, kuzigwiritsa ntchito ngati zake ndi kuzigulitsa mwa yekha. Akagulitsa, mwini katundu akhoza kumusumira, ndipo khoti limayang'ana mtengo weniweni wa chinthucho, osati ndalama yochepa imene anailandira pogulitsa mothamanga. Nthawi zina nkhani imafika kupolisi ngati mlandu wakuba, munthu amene anali wodandaula n'kusanduka woyankha mlandu.

Kugwa kwa kwacha kwaonjezera moto. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Ngongole ya lendi imakhala pomwe inalili, koma mtengo wa firiji ndi TV m'sitolo umakwera. Tinene kuti lendi inali K30,000 pa mwezi ndipo munthu sanalipire miyezi inayi. Ngongole ndi K120,000. Mwini nyumba akagulitsa firiji kuti apeze ndalama imeneyi, mwini firiji pobwera adzafunsa mtengo wogulira ina lero, ndipo mtengowo ungapose ngongoleyo kangapo.

Nanga mwini nyumba apeze bwanji ndalama zake?

Funsoli ndi lachilungamo, ndipo sindigwirizana ndi amene amaona mwini nyumba aliyense ngati munthu wadyera. Ambiri ndi amayi amasiye ndi anthu opuma pantchito amene lendi ya zipinda zitatu ndiyo chakudya chawo ndi fizi ya adzukulu. Chipinda chikakhala chokhoma theka la chaka, anthu amenewa amagona ndi njala. Wochoka uja nthawi zambiri amasiyanso bilu ya madzi ya Northern Region Water Board yosalipira, galasi losweka ndi khoma lofunika penti.

Njira yogwira katundu chifukwa cha lendi ilipo, koma ili ndi malire ambiri. Dziko lino linatengera malamulo ena a ku England amene ankagwira ntchito kumeneko pofika pa 11 August 1902, ndipo ena mwa iwo ndi okhudza kugwira katundu wa munthu amene walephera kulipira lendi. Malamulowo salola mwini nyumba kutenga anyamata ake n'kukanyamula sofa. Ntchitoyi amagwira ndi anthu opatsidwa chilolezo ndi khoti, amene ambirife timawadziwa kuti masherifu. Amagwira masana, salowa mothyola chitseko chakunja, amalemba chilichonse chimene atenga, ndipo sagulitsa pasanathe masiku 5 kuti mwini katundu apeze mpata wolipira. Zovala, zofunda ndi zida zimene munthu amadyera zimatetezedwa pamlingo wina. Ndalama ikatsala pambuyo pochotsa ngongole ndi zolipira, imabwerera kwa mwini katundu.

Chofunika kwambiri pa nkhani yathuyi n'chakuti njira imeneyi imayenda pamene mgwirizano wa lendi udakalipo. Mwini nyumba akasintha loko n'kulowetsa munthu wina, wathetsa yekha mgwirizanowo, ndipo ufulu wogwira katundu umapita nawo limodzi. Chotsala ndi kukasuma ngongole kukhoti ngati ngongole ina iliyonse. Akapambana mlandu, wochita lendi uja n'kukana kulipira, khoti ndi limene limatuma masherifu. Ku England komwe kunachokera lamuloli anasiya kuligwiritsa ntchito mu April 2014, moti kumeneko mwini nyumba yogonamo sangagwirenso katundu wa munthu chifukwa cha lendi.

Chikole

Zimasiyana ngati wochita lendi wanena yekha kuti, "Amama, sungani TV iyi mpaka ndidzalipire." Apa pali chikole, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wokana kupereka TV ija ngongole isanathe. Vuto limabwera poti mawu otere amanenedwa pakhomo, galimoto ikulira kunja, popanda tsiku lomalizira. Pakatha chaka wina amati chinali chikole choti chigulitsidwe, wina amati anangosungitsa.

Pepala limodzi la m'kope limathetsa zimenezi. Lilembedwe chinthu chimene chasiyidwa, kuchuluka kwa ngongole, tsiku lomaliza kulipira, ndi chimene chidzachitike tsikulo likadutsa. Onse awiri asaine pamaso pa mboni, ndipo aliyense ajambule pepalalo pa foni. Ngakhale pa chikole, ndalama yotsala pambuyo pogulitsa ndi ya mwini chinthu.

Asanatsegule chitseko

Mwini nyumba amene akufuna chipinda chake ayambe wasaka munthuyo moona mtima. Ku Mzimba munthu sasowa kotheratu. Ali ndi mudzi, ali ndi mfumu, ali ndi mpingo, ndipo pa WhatsApp pali magulu a anthu akwathu amene ali ku Joni. Ngati ndi wogwira ntchito m'boma, ofesi yake ikudziwa kumene anamutumiza. Uthenga ukhale wolemba, kuti udzakhale umboni, ndipo usakhale woopseza. Ungathe kunena motere: "Adada, lendi ya miyezi inayi sinalipidwe ndipo chipinda ndikuchifuna. Chonde bwerani kapena tumizani m'bale wanu ndi kalata yanu kuti adzatenge katundu pasanafike pa 30 June. Tsikulo likadutsa ndidzasamutsira katunduyo m'chipinda china pamaso pa amfumu." Nthawi yopereka ikhale yoti munthu angakwanitsedi. Amene ali pafupi, ngati ku Kazomba, sabata ziwiri zimukwanira, koma wa ku Durban afunika mwezi kapena iwiri.

Tsiku lotsegula pakhale mboni zosakhala zapachibale: mfumu ya deralo kapena nduna yake, wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi, mkulu wa mpingo. Chitseko chijambulidwe chisanatsegulidwe, kenako chipinda chonse mmene chilili. Chinthu chilichonse chilembedwe pamodzi ndi mmene chilili, ngati matiresi ndi ong'ambika alembe choncho, ndipo mboni zisaine. Zimaoneka zochulutsa, koma pafupifupi mlandu uliwonse wotere umadzafika poti mwini katundu akunena kuti m'chikwama munali ndalama kapena laputopu, ndipo popanda kaundula palibe angatsutse.

Katunduyo aikidwe pamalo pouma, pamwamba pa njerwa kapena matabwa. Chiswe sichichedwa kulowa m'mipando, ndipo zovala zikakhala pachinyezi dzinja limodzi zimachita nguwi. Zinthu zoonongeka msanga ndi nkhani ina. Chimanga ndi nyemba sizingadikire chaka anankafumbwe ali pomwepo, ndiye ndi bwino kuzigulitsa pa mtengo wa pamsika mboni zikuona, ndalamayo n'kuilemba ndi kuisunga.

Pali zinthu zimene siziyenera kugwidwa ngakhale ngongole ikule bwanji: chiphaso cha unzika, pasipoti, masatifiketi a MANEB, buku la kuchipatala, mankhwala, mayunifolomu ndi makope a ana. Mwini nyumba sangazigulitse, ndiye kuzisunga ndi kulanga chabe. Komanso munthu amene mwamumana satifiketi yake mwamutsekera ntchito imene ikanamupatsa ndalama yokulipirani.

Nanga munthu akangoti zii osayankha? Ku England lamulo la mu 1977 limalola wosunga katundu kumugulitsa akapereka chidziwitso choyenera. Lamulo limenelo linabwera patapita zaka zambiri kuchokera mu 1902, choncho silitikhudza. Kuno njira yosadzabweretsa mavuto ndi kupita kwa majisitireti ndi kaundula uja, mauthenga amene anatumizidwa ndi umboni wa ngongole, kuti chilichonse chogulitsidwa chigulitsidwe khoti litalamula. Za kulipiritsa malo osungira, mwini nyumba asadzidzimutse nazo munthu pa tsiku lotenga katundu. Azinene mu uthenga woyamba uja, ndipo mtengo wake ukhale wochepa poyerekeza ndi lendi, popeza ngodya ya sitolo si nyumba yogonamo.

Akabwera achibale kudzatenga

Apa ndi pamene eni nyumba ambiri amagwera m'dzenje ali ndi mtima wabwino. Kumpoto kuno mkazi amalowoledwa ndipo banja limatsata kuchimuna, choncho mchimwene wa mwamuna akafika ndi ngolo kapena kagalimoto n'kunena kuti wabwera kudzatenga katundu wa m'bale wake, zimaoneka zachilendo kumukaniza. Koma mwina banjalo lili pa mkangano. Mwina mkazi, amene anapita kwawo kukadwazika mayi ake, ndiye anagula theka la zinthuzo ndi ndalama ya geni yake. Gawo 24 la malamulo aakulu limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa banja ukwati ukatha. Mwini nyumba akapereka zonse kwa alamu, mkaziyo adzabwera kwa iye.

Wotumidwa aliyense abwere ndi mawu a mwini wake, kalata kapena uthenga wochokera pa nambala yodziwika, ndipo asaine kuti walandira zakutizakuti. Mwamuna ndi mkazi akamalimbirana, mwini nyumba asakhale woweruza. Awauze kuti akagwirizane kwa ankhoswe, kwa amfumu kapena kukhoti, iye adzapereka katundu kwa amene chigamulo chamutchula.

Wochita lendi akamwalira, nkhani imakula kuposa apa. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011, Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, linaika mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana patsogolo, ndipo linati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Mwini nyumba amene wadzitengera sofa ya malemu kuti ilowe m'malo mwa lendi, kapena wapereka makiyi kwa amalume maliro asanathe n'komwe, akhoza kupezeka mkati mwa mlandu umenewu. Ngongole ya lendi siifa ndi mwini wake. Imalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, kudzera kwa amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo ofesi ya DC pa Boma imathandiza mabanja pa nkhani zimenezi.

Kupolisi, kwa amfumu kapena kukhoti?

Apolisi a pa Mzimba kapena pa Jenda si otolera ngongole. Kulephera kulipira lendi si mlandu woti munthu n'kutsekeredwa. Iwo amalowererapo pakakhala kuba, kuthyola nyumba, kumenyana kapena kuopsezana.

Mafumu ndi madoda ndiwo amathetsa milandu yambiri yotereyi, makamaka m'madera a Inkosi Mzikubola, Inkosi Mabulabo ndi Inkosi Mzukuzuku kumene anthu amadziwana mpaka agogo. Ubwino wa bwalo la mfumu ndi wakuti limafulumira ndipo limatha kugamula zapakati, monga kulipira theka lero n'kutenga zofunda ndi ziwiya, zotsalazo pokolola. Kufooka kwake kumaoneka pamene wochita lendi ndi mlendo wochokera ku Mulanje kapena ku Karonga pomwe mwini nyumba ndi mwana wa m'mudzimo. Mlendo akaona kuti sakumvedwa, khoti la majisitireti pa Boma ndi lotsegukira aliyense, ndipo pa milandu ing'onoing'ono munthu amatha kudziyankhulira popanda loya. Osowa ndalama akhoza kupempha thandizo ku Legal Aid Bureau, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu.

Akuluakulu amati mlandu suola, koma kukhoti uli ndi nthawi yake. Ngongole ya lendi komanso dandaulo la katundu wogulitsidwa popanda chilolezo ziyenera kusumidwa pasanathe zaka 6. Munthu amene wakhala ku Joni zaka 8 osabwera kumudzi angadzapeze khomo la khoti litatsekeka.

Ku Joni ndife timasiya katundu

Mabanja omwewo amene kuno ndi eni nyumba, ana awo ku South Africa ndi ochita lendi. Mu April 2015, pamene anthu obwera ankamenyedwa ku Durban, Amalawi ambiri anathawira m'misasa n'kubwerera kuno pa mabasi amene boma linatumiza, ambiri atangonyamula chikwama. Mu 2020 matenda a Covid-19 atatseketsa ntchito, ena anabwerera lendi ili yosalipira. Ndipo tsiku lililonse munthu wopanda mapepala akhoza kugwidwa popita kuntchito, kutengeredwa kumalo otsekera anthu a Lindela ku Krugersdorp n'kubwezedwa kwawo asanaonenso chipinda chake.

Lamulo la kumeneko, Rental Housing Act la mu 1999, limanena poyera kuti mwini nyumba sangalande katundu wa wochita lendi popanda chilolezo cha bwalo, ndipo m'chigawo chilichonse muli bwalo lapadera lomva madandaulo a lendi kwaulere. Lamulolo limakamba za wochita lendi, silinena kuti akhale nzika. Komabe munthu wopanda mapepala saonekera pa ofesi ya boma, ndipo amene wabwezedwa kale ku Mzimba sangakaimire mlandu ku Gauteng. Chimene chimapulumutsa katundu wa anthu otere ndi mnzawo wa kumudzi amene ali ndi kiyi wachiwiri ndipo mwini nyumba akumudziwa.

Tsiku lolowa m'nyumba

Wochita lendi naye ali ndi udindo, ndipo waukulu ndi kusazemba. Kuchoka usiku, kusintha nambala ya foni, kenako n'kutulukira patatha chaka kufunsa katundu yense ali bwinobwino, n'kusenzetsa munthu wina mtolo wako. Amene akudziwa kuti achedwa kubwera achite bwino kutulutsa katundu, kukamusiya kumudzi n'kubweza makiyi, chifukwa makiyi akadali m'thumba mwake mwini nyumba ali ndi chifukwa chowerengerabe lendi. Polipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba asafufute uthenga wotsimikizira, popeza eni nyumba ambiri sapereka lisiti.

Zonsezi zimakhala zosavuta zikakambidwa pa tsiku lolowa, anthu akadali kusekererana. M'mbelwa District Council ikhoza kuthandiza popanda kudikira Nyumba ya Malamulo: kusindikiza pepala limodzi la mgwirizano wa lendi m'Chitumbuka ndi m'Chichewa, n'kuliika ku maofesi a misika ya pa Boma, pa Jenda ndi ku Embangweni komanso kwa mafumu. Kuonjezera pa mtengo wa lendi ndi nthawi ya notisi, pepalalo likhale ndi dzina, mudzi ndi nambala ya m'bale woti n'kumufikira wochita lendi akasowa, dzina la amene akuimira mwini nyumba ngati ali kunja, masiku amene katundu wotsala adzasungidwe, ndalama yosungira ngati ilipo, ndi mzere woti wochita lendi asaine wonena chimene chidzachitike ndi katunduyo masikuwo akatha.